Pa Mphambano ya ku Lizulu

Sabata yachitatu kachewere wanga akuwolera m'thumba.
Mabasi aima, agula kwa Nandau, apita.
A Chikhasu anandiyang'ana m'maso nati:
"Minyama iyi, wakupaka ndi mnzako woyandikana naye."
Anandipatsa mpungabwi, khungwa la muwawani,
ndi muzu wina umene dzina lake anandimana.

Ndafukiza paphale mpaka ana kutsokomola.
Utsi walowa m'bulangete, walowa mu yunifolomu ya Mvano;
Lachinayi ndidzanamizira nkhuni zaziwisi.

Tsono usiku uno, tambala asanalire,
ndaima pa mphambano yolowera ku Mozambiki,
chisanu cha Juni chikuluma msana.
Samba, usacheuke, anatero.
Madzi owawa atsika kuchokera m'khosi mpaka kuzidendene,
tsoka litsale pano, alitole wodutsa.

Koma ndacheuka.

Kuseri kwa bulugamu kuli munthu wanyonyomala,
kabeseni m'manja, fungo lomwelo la mpungabwi.
Nandau.
Nayenso anauzidwa za woyandikana naye.

Sitinapatsane moni.
Kutacha ndakapempha chenje pabenchi pake,
wandiwerengera m'manja maso ali kumsewu,
tonse awiri tikununkha tchire limodzi.