Mlonda wa Pachigayo cha Mpunga

Magetsi athima Nkhotakota yense.
Chigayo chati zii, ngati chameza lilime.
Matumba ndawerenga kale: makumi asanu ndi anayi,
limodzi lobooka pakona, makoswe akulidziwa.
Epulo akutha, mvula yalongedza katundu wake,
mwera wayamba kunola mano pa malata.
Ndakwera pamulu wa mankhusu, chikhoti chapakaunjika mpaka m'makutu.

M'khosi mwanga mukulendewera magalasi oonera patali.
Ndi a mlamu wanga Swaleyi, amawerengera njovu ku Bua.
Diso lamanzere linasweka,
ndiye ndimatsinzina langa lamanzere, tigwirizane.

Nsangwe sindinazipeze, zalowa msanga
kuseri kwa mapiri a Ntchisi ngati atsikana oopa kukalipiridwa.
Akamwiniatsatana akupendekera komweko, osasiyana.
Koma Mlalang'amba!
Wina wadutsa pamwambapa ndi thumba la ufa pa kabaza,
osadziwa kuti labooka,
wayeretsa msewu wonse mbuu, kuchokera uko mpaka uko.

Kummwera, chapamwamba pa nyenyezi zinayi zopingasana,
pali kanyenyezi kofuwa, kosathwa ngati anzake.
Zaka zonsezi ndinkati ndi ng'ala yayamba m'diso langa.
Ndatsamiritsa zigongono pa sikelo kuti manja aleke kunjenjemera,
ndagwira mpweya.
Si imodzi ayi.
Ndi mpunga wopetedwa, wosonkhana pakati pa lichero,
wothithikana pakati, womwazika m'mbali.
Ndayamba kuwerenga, poti ndiyo ntchito yanga,
ndalekera pa zisanu ndi ziwiri, ndadziseka ndekha.

Cham'munsi kuli kamtambo kosamvera mphepo.
Sikanagwetsepo dontho m'munda wa munthu.
Aphunzitsi a Kachapila, tsiku lija ankadikira mpunga wawo,
anati si mtambo umenewo,
ndi mlalang'amba wina, wa eni ake, kutsidya kwa wathu,
ndipo kuwala ndikuonaku kunanyamuka kumeneko
munthu asanasule khasu.
Ndinawayankha kuti aphunzitsi, musandinamize ndine wamkulu.
Anangoseka, nasenza thumba lawo.

Lero ndawakhulupirira.
Dzana foni yanga yagwira netiweki pa boma,
mwalowa mawu a Twaibu, mwana wanga ali ku Joni:
"Ababa, ine ndili bwino, ntchito ndayipeza."
Ndamvera kanayi. Kenako mdzukulu wandionetsa deti.
Mawuwo anawajambula masabata atatu apitawo.
Nanga lero? Ntchitoyo ikadalipo? Wadya? Wafunda?
Ndikumva mwana amene analipo,
amene alipo sindikumudziwa.

Ndiye ndikukuyang'ana iwe kamtambo, ndi diso limodzi lobwereka.
Ukuti uli bwino.
Unanena liti?

Galu wa kumzikiti wauwa kawiri, waleka.
Fungo la kilombero likutuluka m'matumba, likundipeza pamulu pano.
Nkhungu ya m'kamwa mwanga yaphimba galasi,
ndapukuta ndi chipewa, ndayang'ananso.
Mpunga uja ulipobe, palibe wautola,
palibe khoswe, palibe venda wa sikelo yobera,
palibe mlonda.
Kapena alipo, wakhala pamulu wake wa mankhusu,
akuona kadontho kofuwa chakuno,
nkumati ndi ng'ala.

Phethi! Magetsi abwera.
Babu la pakhonde lameza theka la thambo,
njenjete zathamangira komweko ngati kuli maliro a mfumu yawo.
Ndatsika, mankhusu akundiyabwa m'miyendo.
Makumi asanu ndi anayi.
Lobooka lija lapepukako pang'ono.
Mawa bwana akandifunsa kuti ndinali kuti,
ndidzati ndinali pompano,
ndipo sindidzakhala nditanama kwenikweni.