Mbala Ziwiri

Botolo linali la Sobo.
Ndinalitsuka ndekha, ndinathiramo ndekha
mankhwala otsala popopera thonje,
n'kulibisa kuseri kwa thumba la fetereza
ngati kuti mwana wa zaka zitatu
alibe manja.

Lachinayi, dzuwa lili paliwombo,
make ali ku mjigo, ine ndikukhomera khasu mumpini,
Mwatitha anatuluka m'nyumba akudzandira,
dovu lili chuchuchu, thukuta ngati wavumbwa ndi mvula,
diresi lonse likununkha munda wanga.

Anthu anathamangira ndi nzeru zawo.
Wina mkaka, wina dzira laliwisi,
wina amvekere m'piseni chala kukhosi asanze.
Sinoya wa kabaza ndiye anakalipa:
musam'mwetse kanthu, m'vuleni diresilo,
kwerani msanga, ndipo botolo musalisiye.

Msewu wa ku Khombedza ndauyenda kuyambira ndili mnyamata
koma sindinkadziwa kuti ndi wautali chonchi.
Kamutu kake kankagunda pachifuwa panga
pa bampu iliyonse.
Ndinkamuitana dzina. Ndinasiya. Ndinayambanso.

Adokotala anawerenga botolo ndi mphuno,
anandiyang'ana kamodzi kokha.
Jakisoni, jakisoni wina, diripi,
kenako ambulansi ya ku Salima
yomwe ndakhala ndikuipatukira m'msewu zaka zonsezi
osafunsa kuti m'katimo muli mwana wa yani.

Tsiku lachitatu anapempha madzi.
Make anagwada pa simenti, osanena kanthu.
Ine ndinayamba kale kumanga katundu
pamene anamwino, mayi Chikaonda,
anakoka chikope cha mwana ndi chala chachikulu
nati, bambo, bwerani muone.

M'kati mwa chikope munali mbee,
ngati thonje langa lomwe.
Anam'tambasula chikhatho, anachiika pambali pa changa.
Kodi amadya dothi?

Amadya.
Tinkaseka akamakokota khoma la kukhitchini,
tinkati watengera azakhali ake ali ndi pakati.
Anzake akamathamangitsa anapiye
iye ankagona pamkeka, ife n'kumati
mwana wofatsa, mwana wosavuta.

Magazi ndi ochepa, anatero mayi Chikaonda,
ndipo sanayambe kuchepa Lachinayi.

Ndiye kuti mbala zinali ziwiri.
Ina inathyola chitseko masana, mudzi wonse n'kukuwa.
Inayo takhala nayo chaka chathunthu,
imagona naye pamphasa, imam'tapa pang'onopang'ono
ngati nankafumbwe m'nkhokwe,
ine ndikuwerenga mazira opita kumsika,
nyemba zonse kwa mavenda, mtedza wonse pa sikelo,
mwana n'kum'patsa tiyi ndi mbatata
m'mawa, ndi mawa lake, ndi mawa lakenso.
Bonongwe ndinkamupalira ngati udzu.

Potuluka anatipatsa botolo lina,
laling'ono, lakuda, lowonjezera magazi.
Kasupuni kamodzi patsiku, anatero,
ndipo mumve bwino: nalonso akaligugudiza lonse
mudzabweranso pa ambulansi.
Ndinalinyamula ndi manja awiri mpaka kwathu.

Tsopano pakhoma, pamwamba pofika ine ndekha,
pali kabokosi ka matabwa.
Loko wake ndinachotsa pa njinga yanga.
Mankhwala a thonje ali kwina, m'chitini chawochawo,
ndipo Sobo sindinagulenso, ngakhale pa Khirisimasi.

Nkhuku ikaikira, dzira loyamba ndi lake.
Usipa timam'sinjira m'phala.
Make akuti masaya ayamba kubwerera;
ine sindikhulupirira masaya.

M'mawa uliwonse ndisanapite kumunda
ndimam'khazika pabondo panga,
ndimakoka chikope chake kuyang'ana kufiira
monga ndimayang'anira mitambo mu Novembala.
Iye amayesa ndi masewera.
Dzulo nayenso anakoka changa,
anasuzumira nthawi yaitali, nkhope ili gwaa ngati mayi Chikaonda,
kenako anati: ababa,
inu m'maso mwanu muli madzi.