Kalata ya Lachiwiri

Miyezi khumi ndi inayi tinatapa nshawa
m'nkhokwe za ku Chiparamba ndi ku Kalichero,
kusaka chuku chimene maso saona,
ine ndi Tisiyenji Daka,
pa njinga ya bungwe yopanda buleki wakumbuyo.
Manambala anadzaza kabuku konunkha utsi.
Chinatsala n'kupeza kokawatula.

Lachiwiri, magetsi atangobwera,
kalata inagwa pakompyuta:
"Wolemekezeka Pulofesa!"
Ndinacheuka. Muofesi munali ine ndekha
ndi buluzi pakhoma.
Akuti magazini yawo imawerengedwa dziko lonse,
akuti nditumize madola mazana atatu,
Lachisanu pepala lituluka.
Lachisanu!
Ngakhale telala wa ku Kapata salonjeza chotero.

Tisiyenji anati, tiyeni tiwagogode ngati chivwende.
Tinafufuza maina a akonzi:
mmodzi anamwalira kalekale,
wina ndi dokotala wa mano,
wachitatu titamulembera anayankha kuti sawadziwa.
Zimene anasindikiza mwezi watha:
tsamba ili za simenti, linalo za tulo ta nkhuku,
palibe amene anafunsapo funso.

Tinatumiza kwina.
Kumeneko kunali zii mpaka mvula inagwa,
mpaka chimanga chinamasula.
Kenaka pepala linabwerera
lofiira ngati msewu wafumbi mu Okutobala.
"Midzi isanu ndi umodzi, mukuti chigawo chonse?"
"Sikelo yanu munaiyesa liti?"
Wofunsayo alibe dzina, alibe nkhope,
ndinamutukwana chamumtima kuchokera kuofesi
mpaka pamsika wa Saturday.
Ndili pakati potsika mtengo wa tomato ndinaima.
Sikeloyo, zoonadi, sitinaiyese.

Opereka ndalama akufuna lipoti mwezi ukamatha.
Kabokosi kakuti "zofalitsidwa" kakundiyang'ana kukamwa yasa.
Madola mazana atatu akanakatseka.

Koma Mayi Vainesi Miti anatipatsa mabeseni awiri
chaka chimene nkhokwe inali pakatikati,
ndipo nthawi zonse akandiona amafunsa chimodzi:
"Mwapezamo chiyani? Ana ndiwaphikire, kapena nditaye?"
Yankho limenelo sindingaligule kwa munthu
amene ananditcha pulofesa asanawerenge mzere umodzi.
Ndikufuna lidutse kaye m'manja mwa wokanika uja,
alipete, alitembenuze, atole zowola.

Mawa tibwerera ku Kalichero.
Tisiyenji wabwereka sikelo kuchipatala,
waikulunga m'chitenje ngati khanda.
Buleki uja sitinakonzebe.