Mpikisano wa pa Dzira

Bwalo lija tinkalitchula kuti Dzira,
poti ndi mmene linkaonekera ukakwera phiri la Ndirande:
dzira lofiira logona kuseri kwa Chirimba,
makona awiri opendekeka,
matayala akutha ataunjikidwa m'mbali ngati mpanda.

Ine ndinali wa sipanala.
Dzina langa silinalembedwe paliponse.
Pachitseko panali 27, ya penti yotsala popaka geti,
ndi dzina la Dorika Nansongole,
amene pakati pa sabata ankayendetsa lole ya njerwa ku Lunzu.

Datisani ija tinaigula ili pamiyala,
nkhuku zikuikira pampando wakumbuyo.
Tinazula mipando, magalasi, wailesi yakufa,
tinawotcherera mapaipi a madzi m'kati mwake ngati nthiti.
Miyezi isanu girisi osachoka m'zikhadabo,
mkazi wanga mpaka anandipatsa mbale yangayanga.

Loweruka, Okutobala, dzuwa loswa mtengo.
Magalimoto khumi ndi anayi, awiriawiri,
Pijo ya Witinesi Matewere patsogolo
itapukutidwa ngati ikukatenga mkwatibwi.
Mbendera itagwa
phokoso linandilowa m'mano.

Kumanzere.
Kumanzerenso.
Pa Dzira palibe kukhotera kwina,
ndiye tayala lakumanja ndi limene limasenza mlandu wonse.
Ndinkawerenga mizungulo ndi timiyala m'chitini,
makumi asanu ndi limodzi kuti zithe.

Pa mzungulo wa khumi ndi chiwiri Kotina ya Gani inasanza oyilo,
atatu anaterereka pomwepo, kuvina chammbali,
wina chitseko chinathawa chokha
nkukagona pafupi ndi mayi wa zitumbuwa.
Mayiyo anangosuntha beseni, osasiya kubweza chenji.

Timiyala makumi anayi ndi kamodzi.
Dorika analowa nthunzi ili tolotolo pa boneti.
Paipi ya rediyeta yang'ambika.
Ndinaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga
manja akupsa, khungu likutsalira pachitsulo,
madzi tinalanda ndowa ya mnyamata wa mafilizesi.
Iye sanandiyang'ane nkomwe.
Anangoti, "Tseka, Layisoni,"
maso ali kumene Pijo inalowera.

Zimene anachita kenako ndilibe nazo mawu okwanira.
Ankakwera pamwamba penipeni pa kona,
pomwe dothi linali lisanakumbike,
nkutsika ngati mphamba waona mwanapiye.
Wachisanu. Wachitatu.
Anthu anasiya mithunzi yawo,
ngakhale wapolisi anaiwala chingwe chomwe ankalondera.

Mwala womaliza ndinaufumbata osauponya.
Anatuluka pa kona ali phewa ndi phewa,
Datisani kunja, Pijo m'kati,
zitsulo zikukhulana, kulira ngati nkhumba pa mpeni,
ndipo kamvulumvulu, wochokera kaya kuti,
anadzaima pamzere penipeni.

Fumbi lokhalokha.
Wambendera anakupiza ali chitsinzinire.
Wojambula anatsuka filimu Lolemba:
chithunzi chofiirira, ndi mwendo wa munthu pakona.

Chikho anachisunga ku ofesi podikira chigamulo
mpaka ofesiyo inasanduka sitolo ya simenti.
Mvula ya chaka chimenecho inadya kona yakumpoto,
kenako anabwera a mapuloti ndi zikhomo zawo.
Lero pali nyumba, chigayo, tchalitchi cha malata,
koma kamsewu kopita kuchigayoko
kamakhotabe kumanzere popanda chifukwa.

Matewere anapita akulumbira kuti inali yake.
M'minibasi za ku Chirimba, akulu awiri akakhala moyandikana,
mlandu uja umadzukanso, kondakitala mpaka kuiwala ndalama.

Mwezi watha ndinakamuona Dorika ku Machinjiri.
Maso achita ng'ala, koma manja akadali aja.
Ndinati, "Tatsala awiri, tandiuzani zoona."
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Layisoni, phazi ndinaponda mpaka pansi.
Maso ndinatseka.
Iwe unali ndi maso, unaona chiyani?"

Ndinamuonetsa chipsera cha m'dzanja langa.
Anachisisita ndi chala, pang'onopang'ono,
kuzungulira, kuzungulira,
chakumanzere.