Batani Lobiriwira

Batani lobiriwira lija ndinalijambula ine,
mu ofesi ku Lusaka, Lachitatu masana,
makina ozizira akuwomba pakhosi panga.
Ndinalikulitsa kuti likwane chala chachikulu cha mlimi,
ndinalipaka mtundu wa chimanga cha mu Januwale,
n'kulembapo: Tengani ndalama zanu.
Zanu.
Liwu limenelo tinalikambirana mphindi makumi anayi.

La "ayi" ndinalikankhira pakona,
lotuwa ngati phulusa ladzulo,
malemba ake ngati mapazi a nyerere.
Abwana anandigwira paphewa.
Sabata yomweyo mzere wa pa kompyuta unakwera phiri.

Lero ndili kwathu ku Chipata, pamsika wa Kapata,
ndakhalira ndowa yovundikira
pambali pa azakhali anga a Zelipa Njobvu,
ogulitsa tomato ndi kapenta.
Foni yawo ndi yomanga ndi mphira,
galasi lake lang'aluka ngati dambo la mu Okutobala.
Yalira. Apukuta dzanja pachitenje,
aibweretsa pafupi ndi mphuno.
"Masauso, iwe unapita kusukulu, tandiwerengera.
Imanditchula dzina m'mawa uliwonse imeneyi,
akuti ndine kasitomala wokondedwa,
akuti kwatsala mphindi khumi kuti mwayi uthe."

Wotchi imeneyo ndinaikanso ndine.
Ikafika paziro imayambiranso.
Palibe chimene chimatha.

Tili ana ku Chiparamba tinkatchera mbewa:
mwala wafulati, kamtengo, kaulusi ka khonje,
ndi nsawa imodzi yokazinga.
Mbewa sitinkaikankha.
Inkalowa yokha, ndi miyendo yake inayi,
ife n'kumati yasankha.
Pamsonkhano ndinayankhulanso choncho:
palibe amene timamukakamiza,
chiwongoladzanja tinalemba,
tsamba lachinayi, pansi penipeni, m'Chingerezi.

Bambo anga ankakhoma zitseko ku Nabvutika.
Sanali munthu wa mawu, ndipo ankamwa.
Koma asanalandire ndalama
ankalowa m'nyumba ya mwiniwake, n'kudzitsekera,
kenako kuyesa kutuluka. Kawiri. Katatu.
Chikakakamira ankachizula n'kuchipalanso,
akutukwana pansipansi.

Chitseko changa polowa n'chala chimodzi.
Potuluka pali masamba asanu ndi awiri,
funso loti "Mwatsimikiza?", kankhope kogwetsa misozi,
ndi nambala yoimba nyimbo mpaka mayunitsi atathe.

Ndisaname ayi.
Ngongole yomweyi inagula mankhwala a mdzukulu wawo Tisauke
usiku wina malungo atavuta,
banki itatseka, achibale onse mafoni ali zii,
kuphatikizapo yanga.
Anadina kamodzi, ndalama zinabwera.
Chala chotupa ndi khasu chimafuna malo aakulu podina,
pamenepo ndinachita bwino, ndipo ndimanyadira.
Chondiluma n'chakuti ndinkadziwa
mbali yoti nditsirepo madzi a therere,
ndi mbali yoti ndibzalepo minga.

"Ikuti chiyani?" afunsanso.
Njinga zahayala zikuliza mabelu kumbuyo kwathu,
wina akunenerera mulu wa kapenta.
Ndalandira foni.
Ndikufuna "ayi" wanga uja pakona pamene ndinamusiya.
Dzuwa la kuno lamumeza.
Mu ofesi muja munalibe dzuwa,
munalibe galasi long'aluka,
munalibe maso a zaka makumi asanu ndi limodzi.
Ndaphimba ndi chikhatho, ndatsinzina diso limodzi,
ndamupeza, mng'alu utamudutsa pakati.
Chala changa chosalala, chosadziwa mpini,
chaphonya koyamba.

"Ikuti musatenge lero, azakhali."
"Oo. Imanenanso zimenezo?"
"Imanena, koma monong'ona."

Aseka, aibwezera pamfundo ya chitenje.
Sanandifunse ntchito imene ndimagwira ku Lusaka,
amangodziwa kuti ndi ya makompyuta,
amauza anzawo a mzere wonse.
Lolemba basi ya mbandakucha idzandibweza kumeneko,
kumene mzere uja ukudikira kukweranso.

Andiikira tomato m'pepala la pulasitiki,
asankha olimba, oti akafike,
awonjezera awiri a mbasela,
akana ndalama yanga,
ndipo sanandiuze kuti kwatsala mphindi zingati.