Chikwangwani pa Nambala 27

Woyamba anafika Lolemba, mvula ya ku Rotherham ikuwaza,
nsapato zosongoka ngati mlomo wa kakowa.
Sanapukute mapazi.
Anazungulira zipinda akuloza khoma ndi katochi,
kadontho kofiira kakuyeza
zaka zanga khumi ndi chimodzi m'mamita.
Mtengo umene anatchula unandikhazika pansi pa masitepe.
Usiku ndinausandutsa makwacha, maziro anasefukira pepala.
Koma adobadoba ndimawadziwa ine,
ndinkawadutsa m'mawa uliwonse pa Ginnery Corner:
wofulumira kukutcha bwana
wayeza kale kuya kwa thumba lako.

Lachitatu kunabwera mtsikana wa mafuta onunkhira,
dzina lake pachifuwa, Philippa.
Anati nyumbayi ili ndi tsogolo,
ngati kuti dzulo lake linali matenda.
Chotsani zithunzi, anatero, ogula asakuonenimo.
Pentani poyera ponseponse.
Tsiku loonetsa musakazinge kanthu.
Ndinamva. Usipa wanga wa mufiriji unamvanso.
Kenako chala chake chinaima pa mphuthu ya chitseko cha kukhitchini
pamene mizere ya pensulo imakwera ngati makwerero:
Sungeni zaka zisanu ndi ziwiri,
Sungeni zaka khumi,
Sungeni wandipitirira.
Izi, anatero, burashi imodzi basi.

Nyumba iyi ndinaigula ndi tulo.
Mashifiti a usiku, kutembenuza nkhalamba za eni,
basi yoyamba ya m'bandakucha, zala zitauma gwa.
Njerwa iliyonse ndi Khirisimasi imene sindinapite kumudzi,
ndi maliro amene ndinalira pa foni.
Matailosi a kubafa ngokhota
chifukwa anamata ndi bambo a Sungeni,
munthu wa masamu, wosadziwa simenti,
ndipo sadzabweranso kudzawongola.

Wachitatu anachedwa, napepesa.
A Threlfall, bambo wa imvi, jekete lonyowa,
anavula nsapato pakhomo osauzidwa,
chala chikusuzumira pa sokosi.
Sanayamikire kalikonse.
Anagwada kuseri kwa sofa,
pomwe ndinakankhira dala kubisa chinyontho,
nagogoda khoma, nandiyang'ana.
Manyazi anandigwira ngati mwana wopezeka ndi shuga kukamwa.
Boyila yakalamba, anatero. Denga lipirira zaka zisanu.
Mtengo wake unatsika ndi mapaundi zikwi zisanu ndi zinayi
pa uja wa mwini katochi.
Ndinamuda mpaka tiyi anazizira.

Sungeni anawerenga mapangano onse atatu pa foni ali ku Leeds,
timalemba tating'ono tija tobisala kumunsi ngati nsikidzi.
Amayi, uyu akumangani miyezi isanu ndi umodzi.
Uyu adya ndalama ngakhale nyumba isagulidwe.
Uyu wa sokosiyu komishoni yake njokwera pang'ono,
koma mukatopa naye, milungu inayi mwamasuka.
Ndiye ndisankhe uti?
Nyumba ndi yanu, anatero, nadula,
mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuyankha chonchi.

Ndinagona masiku awiri ndi mapepala pamtsamiro.
Maondo anga, amene akana masitepewa, sanavote.
Mayi Oyelaran a pa 29 anati tenga wa ndalama zambiri,
fodya ndi uyu ali pamphuno.
Koma fodya wa uja anali pa lilime.

Ndinaimbira a Threlfall Lachisanu.
Sindinawakonde, ndisaname.
Kungoti amene wakuuza za chinyontho chako pamaso
sakanena bodza kumbali m'dzina lako.

Lero amuna awiri akhoma chikwangwani pampanda,
chikugwedera mumphepo ngati chikundibayibitsa ndisananyamuke.
Makiyi apadera ndapereka, ali mu envelopu ya khaki,
nambala yanga yalembedwa ndi dzanja la mlendo.
Khoma lonse ndapenta, fungo lake likuluma m'maso.
Pa mphuthu paja ndafika ndi burashi kawiri.
Mawa ali ndi anthu oyamba, banja la mwana mmodzi,
folo koloko.
Chitini ndachisiya chotsekula.