Popanda Koma

Lachitatu lililonse amatikhazika pansi pa mtengo wa mango
kuseri kwa khitchini ya ndende ya Nkhotakota,
anthu khumi ndi awiri, mitu yometedwa mpala.
Mayi Kamzati amabwera ndi kope lopindika m'ngodya
ndi lamulo limodzi:
nena zomwe unachita, mawu oti koma asatuluke.

Ndinaseka. Chovuta n'chiyani pamenepo?

Ndinati, njinga ya Twaibu inasowa pa Dwangwa.
Iwo anati, inasowa? Inamera miyendo?
Ndinati, ndinangoibwereka.
Wobwereka amadula loko ndi sowo,
n'kupaka utoto wina usiku womwewo?
Ndinati, chabwino, ndinatenga, koma...
Dzanja lawo m'mwamba
ngati wapolisi wapamsewu.

Usiku m'selo, pakati pa nkonono ndi nsikidzi,
ndinawawerenga.
Koma feteleza anakwera mtengo.
Koma amaba ndi a matayi omwe, ine ndalakwanji?
Koma Twaibu ali ndi mchimwene ku Joni, agula ina.
Koma tsiku lina pa depoti anandiyang'ana ngati galu.
Koma ndinali nditalawa pang'ono.
Koma sindinam'menye, sindinathyole nyumba,
uyu wagona pafupi nane ndiye chigawenga, osati ine.

Ndinawasanja limodzi pamwamba pa linzake
ndipo ndinaona kuti ndi makoma ndithu,
njerwa zoumba ndekha, zootcha ndekha.
Boma linangobwera kudzaika chitseko.

Sabata inayo anandifunsa za Twaibu.
Ndinati, za iye zikundikhudza bwanji?
Anatsegula kope.
Njinga ija inali ya ngongole ya banki m'khonde,
dzina lolembedwa la mkazi wake.
Amayi anzake anadzanyamula matilesi ndi ndowa ziwiri.
Mwana amene ankapita ku sikelo pa kaliyala
tsopano amapita kumsana, makilomita asanu ndi anayi,
mwezi wina osapita n'komwe.
Ine ndinkati ndatenga chitsulo.

Alifeyo anandigunda ndi chigongono,
usawamvere awa, amalipidwa kuti atichititse manyazi.
Ndinatsala pang'ono kugwedeza mutu.
Mawu ake ankakoma ngati nzimbe yakuba.

Ndinaba njinga ya Twaibu.
Mawu anayi okha.
Ndikawanena lilime limapitirira lokha
ngati limasakasaka pamene panachoka dzino,
ndiye ndimaliluma.
Masiku ena limandipulumuka.
Dzulo sopo wa mnzanga anapezeka m'thumba langa
ndipo ndinamva pakamwa panga pakuti, koma anamusiya poyera.
Ndinakam'bwezera osamuyang'ana kumaso.

Ndidzatuluka mu Malichi, mpunga usanache.
Pa sitolo ya Ndawala anzanga adzandigulira botolo,
adzati unachita tsoka chabe, mphwanga,
wakuba ndi wogwidwa.
Sindikudziwa chomwe ndidzayankhe.
Ndikudziwa pamene Twaibu amaima m'mawa,
pa geti la esiteti, chikwanje m'manja, kudikira ganyu.
Pamenepo mpomwe ndikuopa.